KAPITAO WOPANDA NKHOPE

M'nyumba zambiri za m'midzi yathu muli mwana amene anapita ku Joni, ndipo makolo akafunsidwa za nchito yace ayankha mokondwa kuti ayendetsa njinga yamoto, anyamulira anthu cakudya m'mzinda, ndipo alibe bwana, adzilamulira yekha. Mau amenewa akoma m'khutu, koma ndifuna kutsutsana nao m'nkhani yino, pakuti si oona ai. Mwanayo bwana ali naye, ndipo ndiye wouma mtima koposa akapitao aja makolo athu anawadziwa ku migodi ndi ku minda ya tiyi. Bwanayo akhala m'foni imene iri m'thumba la mwanayo. Ndiye amgawira nchito, ndiye ampimira malipiro, ndiye amweruza, ndipo akhoza kumcotsa pa nchito usiku mwini wace ali m'tulo. Ine ndinena kuti kupatsa makina mphamvu yotere pa munthu nkoipa, ndi kuti anthu a Mulungu sayenera kukhala cete pakuona cimeneci.

Poyamba tifotokoze macitidwe ace, kuti angakhale agogo amene sanakwerepo galimoto yotere amvetse. M'caka ca 2009, ku San Francisco m'dziko la America, kunayamba kampani yochedwa Uber. Iyo sinagula magalimoto, kapena kulemba oyendetsa monga acita eni mabasi. Inapanga kanthu kokhala m'foni, kamene akacha app, kakuti munthu wofuna ulendo akakadina, makina a kampaniyo afunafuna woyendetsa ali pafupi namtuma komweko. Pa ndarama zimene wokwera alipira kampani itapapo gawo lace, ndipo ku Kenya ndi ku South Africa gawolo linakhala 25 pa 100 zaka zingapo. Uber inafika ku Johannesburg m'caka ca 2013, ndipo lero alipo ambiri ocita cimodzimodzi: Bolt ya ku Estonia, ndi onyamula cakudya ndi katundu wa m'sitolo monga Uber Eats, Mr D ndi Checkers Sixty60, imene ilonjeza wogula ndi dzina lace lomwe kuti katundu amfika m'mphindi 60. Bungwe la maiko loyang'anira za nchito, la ILO, linawerenga makampani a mtundu uwu 142 m'caka ca 2010, koma pofika 2020 anapitirira 777. Ndipo ambiri a anyamata othamanga ndi njinga zamoto m'miseu ya Johannesburg ndi Cape Town ndiwo alendo ocokera ku Zimbabwe, ku Congo, ku Uganda ndi ku Malawi kwathu kuno. Cotero nkhaniyi iri pakhomo pathu.

Makampaniwa anena kuti woyendetsayo ndi mfulu, wamalonda wodziimira yekha, ndi kuti iwo angomthandiza kupeza omlemba ganyu. Tiyeni tiyese mau awa ndi umboni woperekedwa pa bwalo la milandu, tisawayese ndi mphekesera. Ku Britain oyendetsa ena, otsogozedwa ndi Yaseen Aslam ndi James Farrar, anasumira Uber. Mlandu wao unayamba kumveka m'caka ca 2016, nukwera kufikira bwalo lalikuru koposa la dzikolo, limene linaugamula pa 19 February 2021. Taonani zimene oweruza anapeza za macitidwe a masiku aja. Mtengo wa ulendo unaikidwa ndi kampani, ndipo woyendetsa sanaloledwa kupempha woposa. Ulendo ukadza anampatsa masekondi 10 okha kuti abvomere, osamuuza kumene wokwerayo alikupita kufikira atamnyamula. Akakana maulendo 3 otsatizana, makina anakhoza kumtsekera kunja mphindi 10, monga mwana wopulupudza aturutsidwa m'sukulu. Wokwera anampatsa nyenyezi, kuyambira 1 kufikira 5, ndipo iye amene nyenyezi zace zinatsika pansi pa 4.4 anacenjezedwa, ndipo zikapanda kukwera anacotsedwa. Oweruza onse anabvomerezana kuti munthu wolamulidwa motere ndiye wanchito woyenera citetezo ca lamulo. Mwezi wotsatira Uber inalonjeza kupatsa oyendetsa ace 70,000 a ku Britain malipiro osatsika pa muyeso wa boma, ndarama za masiku opumula, ndi zosungira ukalamba.

Nanga ufulu uja uli kuti? Angakhale wolima ganyu m'mudzi mwathu ayamba waiona ndime, napangana mtengo ndi mwini munda maso ndi maso, ndipo akaona kuti nthaka yalimba anena, mtengo nukwera. Mwana wathu wa ku Joni alibe mwai umenewo. Ufulu wace ndi umodzi wokha, wakusankha ora lakuyamba. Ndipo uwunso ucepa, popeza njinga yabwerekedwa kwa mwini wace amene afuna ndarama zace sabata iri yonse, mafuta agula yekha, foni adyetsa yekha, ndipo nthawi yonse akhala pakhomo pa sitolo kudikira ulendo salipidwa kanthu.

Tsono tione cimene kapitao uyu acita ndi thupi ndi mtima wa munthu. M'caka ca 2017 nyuzipepala ya New York Times inaulula kuti Uber inagwiritsa nchito akatswiri odziwa maganizo a anthu, kuti apeze njira zakukokera woyendetsa asaleke msanga. Munthu akafuna kutseka foni napite kukagona, panaturuka mau omuuza kuti kwatsala pang'ono kuti akwanitse ndarama zakuti. Ndipo asanatsitse wokwera mmodzi, makina anali atamkonzera kale wina. Msodzi acita comweco ndi nyambo. Ku China zinafika poipa koposa. M'caka ca 2020 magazini ya Renwu inasindikiza nkhani yaitali ya onyamula cakudya a Meituan ndi Ele.me, m'mene woyang'anira wina anafotokoza kuti ulendo wa makilomita 3 unapatsidwa ora lathunthu m'caka ca 2016, mphindi 45 m'caka ca 2017, ndi mphindi 38 m'caka ca 2018. Miseu sinafupika, njinga sizinamera mapiko. Cinacitika ndi ici: anyamata poopa kudulidwa malipiro anathamanga koposa, nadutsa pa nyali zofiira, nayenda mbali yolakwika ya mseu, makina poona kuti afika msanga anaphunzira kuti ulendowo utheka m'nthawi yocepa, naidulanso nthawiyo. Motero liwiro la munthu wamantha linasanduka muyeso wa anzace onse. Apolisi a ku Shanghai anawerenga kuti m'miyezi 6 yoyamba ya 2017, pa masiku awiri ndi theka ali onse wonyamula cakudya mmodzi anabvulala kapena kufa pa mseu. Tonse tidziwa za Farao, amene analeka kupatsa ana a Israyeli udzu wa njerwa, koma ciwerengero ca njerwa osacicepsa. Farao uja anali ndi nkhope, ndipo Mose anakhoza kuima pamaso pace. Nanga pamaso pa uyu adzaima ndani?

Alipo ena ocenjera amene adzanditsutsa nati, Koma makina alibe tsankho. Kapitao wakale anakonda a mtundu wace, analandira nkhuku za ciphuphu, anada munthu cifukwa ca mkazi. Makina ayesa onse ndi muyeso umodzi. Mau awa ali ndi kulemera kwace, pakuti zoipa za akapitao akale tizikumbukira. Koma muyeso umodzi pa anthu osiyana zowagwera si cilungamo. Ku Bologna m'dziko la Italy, pakutha pa caka ca 2020, bwalo linaweruza kuti makina a Deliveroo, amene anawacha Frank, anacita tsankho. Pakuti anatsitsa mbiri ya ali yense wosafika pa maora amene analembetsa, osasiyanitsa waulesi ndi wodwala, kapena ndi wonyanyala nchito monga lamulo limlola, ndipo wotsitsidwayo anatsala m'mbuyo posankha maora abwino. Kampaniyo inati inali italeka kale macitidwewo, koma anthu anali atalangidwa nao. M'mudzi mwathu munthu akalephera kufika pa nchito ya mfumu cifukwa mwana wace wamwalira, palibe amlipitsa; makina sadziwa maliro.

Ndiponso si zoona kuti makina saona khungu. Makampani ena alamula woyendetsa kuti adzijambule nkhope ndi foni, kuti makina atsimikize kuti ndi yemweyo. M'caka ca 2018 Joy Buolamwini ndi Timnit Gebru anayesa makina atatu ogulitsidwa a kuzindikira ngati nkhope ndi ya mwamuna kapena ya mkazi, napeza kuti pa amuna oyera analakwa osafika kamodzi pa 100, koma pa akazi akuda ena analakwa koposa 34 pa 100. Ndipo m'caka ca 2024 munthu wakuda wina wonyamula cakudya ca Uber Eats ku England analandira ndarama zothetsera mlandu, umene anasuma atatsekeredwa pa nchito m'caka ca 2021 pamene makina anati nkhope yace siifanana ndi cithunzi cace. Nyenyezi zija nazonso sizigwa kumwamba. Azipereka ndi anthu, ndipo wogula amene ada alendo, kapena wakwiya kuti nyama yazizira cifukwa wophika anacedwa, atsanulira mkwiyo wace pa mnyamata wa njinga. Makina alandira tsankho lonselo, nalisandutsa nambala yooneka yoyera.

Koma coipa coposa zonse ndico kuweruza munthu osamumva. Makolo athu asanaone buku anadziwa kuti mlandu ukambidwa pa bwalo, wodandaula nanena, woimbidwa mlandu nayankha, mboni nizifunsidwa, ndipo pamenepo mfumu igamula. Nikodemo anakumbutsa Afarisi anzace kuti cilamulo cao comwe cifuna kuti munthu ayambe wamvedwa. Koma woyendetsa wa masiku ano adzuka m'mamawa napeza foni yamtsekera, ndi mau ocepa akuti wacita cinyengo. Cinyengo canji, tsiku liti, anamnenera ndani, sauzidwa. Akalemba kalata ya kudandaula, ayankhidwa ndi mau okonzeratu amene atumizidwa kwa onse. Mu April 2023 bwalo la apilo la ku Amsterdam linaweruza mlandu wa oyendetsa a ku Britain ndi ku Portugal ocotsedwa motere. Uber inati anthu ace anayang'ana nkhanizo asanacotse munthu. Oweruza anapeza kuti pa ena a iwo kuyang'anako kunali kwa mwambo cabe, ndipo wogamula weniweni anali makina. Ku South Africa oyendetsa ena ocotsedwa anadandaula ku bungwe loyanjanitsa anchito ndi mabwana, la CCMA, limene m'caka ca 2017 linawayesa anchito. Koma mu January 2018 bwalo la milandu ya nchito linafafaniza cigamuloco, cifukwa pangano lao silinali ndi Uber ya ku South Africa imene anaisumira, koma ndi inzace yokhala ku Netherlands. Lingalirani, abale: munthu akhetsa thukuta ku Cape Town, amlamulira makina, ndipo akafuna wakumsumira amlozera tsidya la nyanja.

Akuru a m'midzi akumbukira kumene kunacokera liu lija lakuti lova. Ku migodi ya golidi ya ku Joni, wanchito wosaboola mwala kufikira muyeso woikika analembedwa tikiti ya ulova, ndipo tsiku limenelo silinawerengedwa, angakhale anakhala pansi pa nthaka kuyambira mbanda kuca. Makolo athu anaida tikiti imeneyo. Koma iwo anali ndi cinthu cimodzi cimene zidzukulu zao zamanidwa: anagona pamodzi, anadya pamodzi, anamdziwa dzina wowapondereza, ndipo tsiku lina anakhoza kuika zida pansi onse pamodzi. Kapitao watsopano agawanitsa anthu. Mnzako woima naye pakhomo pa sitolo ndiye wopikisana naye, pakuti ulendo ukapita kwa iye wakulanda nsima. Palibe wakukuyamika ukacita bwino, palibe wakukuphunzitsa ukalakwa, palibe kukwera pa udindo angakhale utatumikira zaka khumi. Ndipo eni makampani adabwa kuti anthu ao saika mtima pa nchito, kuti alowa ndi kuturuka ngati pa msika, kuti ena abwerekana maina ndi kucenjerera makina. Adabwiranji? Munthu aika mtima pamene awerengedwa munthu. Amene amyesa kadontho koyenda pa mapu, asayembekeze kukhulupirika kwa mwana wa m'nyumba.

Cotsutsa cina ncolimba koposa, ndipo cicokera m'nyumba zathu zomwe. Amai adzati, Inu olemba nkhani mwakhuta. Popanda nchito imeneyi mwana wanga akadakhala lova, ndipo feteleza wa caka cino, malata a nyumba iyi, ndi fizi ya alongo ace zacokera m'njinga yomweyo. Amai, mwanena zoona, ndipo palibe pano akuti njingayo itayidwe. Nchito ya kunyamula cakudya ndi yolemekezeka monga ina iri yonse. Koma njala ya munthu siipatsa mnzace cilolezo ca kumcita ciri conse. Ndipo cilamulo ca Mose cinaikira dala malamulo ace pa wolembedwa waumphawi ndi mlendo, popeza iwo ndiwo alibe mphamvu ya kukana. Funsaninso ici: tsiku limene njinga idzaombana ndi galimoto pa mseu wonyowa, adzalipira cipatala ndani? Lamulo la ku South Africa la cipepeso ca obvulala pa nchito liteteza olembedwa nchito, ndipo iye amene achedwa wodziimira yekha atsala kunja. Kawiri kawiri ndi anzace a kumudzi amene asonkha ndarama kuti maliro afike kwao.

Ndipo asatinyenge munthu kuti zinthu sizingasinthike popanda nchito kutha. Dziko la Spain linaika lamulo m'caka ca 2021 lakuti onyamula cakudya ayesedwe olembedwa nchito, ndi kuti oimira anchito auzidwe malamulo amene makina ayendera. Deliveroo inacoka m'dzikomo caka comweco, nzoona, koma makampani ena anatsala, ndipo anthu a ku Madrid sanaleka kulandira cakudya pakhomo. Boma la China m'caka ca 2021 linalamula makampani kuti aleke kuyesa anchito ndi muyeso wothina koposa. Kenya m'caka ca 2022 inaletsa kutapa koposa 18 pa 100 pa ulendo. Maiko ogwirizana a ku Europe anamanga lamulo m'caka ca 2024 lakuti kuimitsa kapena kucotsa munthu pa nchito yotere kucitidwe ndi munthu, ndipo wocotsedwayo auzidwe cifukwa cace ndi kuloledwa kudandaula. Mu June 2025 msonkhano wa ILO ku Geneva, kumene Malawi, Zambia ndi Mozambique ali ndi mipando, unabvomereza kuti papangidwe pangano la maiko onse pa nchito zimenezi. Zonsezi sizinadza cifukwa makina anamva cisoni. Zinadza cifukwa anthu anasonkhana, nasuma, nanyanyala, monga anacita oyendetsa a ku South Africa masiku atatu mu March 2022. Cala cimodzi siciswa nsabwe.

Pano ndifuna timvetsane bwino, kuti tingalimbane ndi mthunzi. Makina alibe mlandu, monga khasu liribe mlandu. Malamulo onse aja, a masekondi 10, a nyenyezi 4.4, a mphindi 38, sanamera okha ngati bowa; alipo anthu okhala m'nyumba za magalasi amene anawalemba kapena kuwalola, atawerenga phindu lace. Pamene anena kuti agamula ndi makina, acita monga Aroni, amene pofunsidwa za mwana wa ng'ombe wagolidi anayankha ngati kuti fanolo linangodziturukira lokha m'moto. Mose sanalandira yankho limenelo, ndipo ifenso tisalilandire. Amene adya phindu la nchito asenze ndi udindo wace.

Cotero zimene tiyenera kupempha kwa olamulira athu nzomveka, ndipo tizipemphe msanga, pakuti makampani otere afika kale pafupi, monga Yango ku Lusaka, ndipo tsiku lidzadza pamene akabaza athu adzalamulidwa ndi foni. Munthu asacotsedwe pa nchito koma ndi munthu mnzace, wa dzina lodziwika, atamva mbali yace. Wanchito auzidwe m'cinenero cimene amva momwe malipiro ace awerengedwera. Nthawi ya ulendo ipimidwe pa liwiro lololedwa ndi lamulo la pa mseu. Wobvulala pa nchito athandizidwe ndi iwo amene anamtuma. Ndipo kampani yotapa ndarama m'dziko ikhale ndi khomo m'dziko momwemo, lakuti wosauka akhoza kugogodapo.

Koma pali zina zimene sitidikira nazo boma. Inu makolo, pamene mwana aimba foni, musayambe ndi kufunsa za ndarama. Mfunseni ngati wagona, ngati wadya, ngati ali ndi cisoti colimba ca pa njinga. Dziwani kuti pempho lanu la mwadzidzidzi likhoza kumtuma pa mseu pakati pa usiku ndi pa mvula, ndipo mungakhale mwathandiza kapitao uja kukwapula mwana wanu. Inu akuru a mpingo, mnyamata akadza kudzatsazika, mkhazikeni pansi mumuuze zimene mwawerenga pano, mumpatse kalata ya kwa mpingo wa kumene apita, ndipo mumlangize alowe m'bungwe la anzace a nchito, asayende yekha. Inu a m'tauni amene muitanitsa galimoto kapena cakudya pa foni, kumbukirani kuti cala canu cakhala mboni pa mlandu wa munthu. Musamdule nyenyezi cifukwa ca mphindi zisanu, pakuti umboni wonama uli wonama angakhale uperekedwa ndi kudina. Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.

Ndipo inu anyamata amene mau awa adzakupezani ku Joni, mwina mutakhala pa njinga kudikira ulendo, musadziyese ndi nyenyezi za m'foni. Mtengo wanu unaikidwa kale ndi Iye amene anakulengani m'cifanizo cace, ndipo palibe makina akhoza kuutsitsa. Gwirani nchito mokhulupirika, imani pa nyali yofiira angakhale foni ikulirirani, patulani tsiku la kupumula, ndipo mufunane wina ndi mnzace. Ife kuno tikupemphererani, ndipo tidzanena za mlandu wanu kwa onse akutha kuumva.